Mwamuna Pakati pa Tiana: Sukulu za Mkaka Kuno Kwathu ndi ku Norway

 Nkhani imene ndadza nayo kwa inu a m'maboma a Petauke ndi Nyimba ndi ya tiana ta zaka 3 kufikira 6, timene m'mawa uliwonse timapita ku sukulu ya mkaka titagwira dzanja la mkulu wake, ndiponso ya munthu amene amatilandira pakhomo la kalasi: kodi nchifukwa ninji munthuyo, pafupifupi kulikonse kumene mungapite, amakhala mayi?

Chimene chandiutsa kuti ndilankhule ndi ichi. Mwana wa mlongo wanga, atatsiriza Giredi 12 ndi kukhoza bwino, anadza kwa ine tsiku lina madzulo, nakhala pansi chapatali monga achitira mwana woleredwa, nati, "Amalume, ine mtima wanga uli pa uphunzitsi, koma ndifuna kukaphunzira za ana aang'ono, a sukulu ya mkaka." Mawuwa atamveka pamphala, amuna anzanga anaseka kufikira kugwira nthiti, ndipo wina wa iwo, munthu amene ndimlemekeza pa zinthu zina zonse, anafunsa ngati mnyamata womera ndevu wasowa chochita kuti azikapukuta mamina ana a eni ake. Mlongo wanga sanaseke, iye anandiitanira kuseri, nati ndi mawu apansipansi, "Alongo, mumuletse mwanayu, anthu adzamuyesa chiyani?" Kuseka kwa amuna aja ndi mantha a mayi uja zakhala zili kundizungulira m'mutu kuyambira tsiku lomwelo, ndipo pofuna kuziyankha ndinayamba kufunsa za m'mene anthu a maiko ena achitira, pokumbuka kuti safunsa anadya phula.

Kumpoto kwenikweni kwa Ulaya kuli dziko lotchedwa Norway, dziko lozizira la mapiri ndi nyanja, limene anthu ake apitirira pang'ono 5 miliyoni, pamene ife a Zambia, monga mwa kalembera wa 2022, tinapezeka 19.6 miliyoni. Ndasankha dziko limeneli chifukwa, mwa maiko amene amawerenga antchito a m'sukulu za tiana chaka ndi chaka, ilo limatchulidwa kawirikawiri kuti lili ndi amuna ambiri pa ntchitoyi. Koma pakumva mawu akuti ambiri musafulumire kuganiza za theka, pakuti mwa antchito 10 alionse a m'sukuluzo, zimene eni ake azitcha barnehage, ndiko kunena dimba la ana, mwamuna amakhala mmodzi ndipo otsalawo ndi akazi. M'maiko ena ambiri olemera amuna ndi 3 kapena 4 okha pa 100 alionse. Ku Germany, kumene boma linaika ndalama zochuluka pokopa anyamata kuti alowe ntchitoyi, amuna anali 4 pa 100 m'chaka cha 2012, nafika pafupi ndi 8 pa 100 mu 2022.

Ndipo mmodzi pa 10 ameneyo a ku Norway sanamtole panjira. M'chaka cha 1993 anaika lamulo lakuti mwana akabadwa, pa tchuthi cha makolo pakhale milungu 4 ya bambo yekha, imene ngati bamboyo saitenga imangotayika, kuti mwamuna aphunzire kufukata khanda ndi manja ake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma lawo linalengeza cholinga chakuti antchito 20 pa 100 alionse a m'sukulu za tiana akhale amuna, ndipo linaloleza olemba ntchito kuti, mwamuna ndi mkazi akafika ndi maphunziro ofanana, akhoza kusankha mwamunayo. M'matauni ena anafika poitana anyamata a ku sekondale kuti akaweruka azidzasewera ndi tiana ndi kulandirapo kangachepe, kuti mnyamata alawe ntchitoyi asanamve mawu a oseka. Zonsezi azichita kwa zaka zoposa 25, m'dziko la chuma cha mafuta, m'mene mphunzitsi salira malipiro kumapeto kwa mwezi, ndipo kufikira lero angofika pa theka la chimene anafuna. Pamenepo ndinazindikira kuti kuseka kumene ndinakumva pamphala pathu kuli ndi abale ake kutsidya kwa nyanja, ndi kuti maganizo akuti tiana ndi ta amayi okha sachoka m'mitima ndi ndalama kapena ndi lamulo lokha. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Komatu poyerekeza maiko awiri tiyenera kuchenjera monga achenjera mayi wogula chimanga pamsika, amene amayamba wayang'ana ngati meda ya wogulitsa uyu ifanana ndi ya uyo. Ku Norway mwana amalandiridwa ku dimba la ana ali ndi chaka chimodzi, nakhalako tsiku lonse, namadyetsedwa, kusinthidwa matewera ndi kugonekedwa komweko. Ndipo mwa ana 10 alionse a zaka 1 kufikira 5, oposa 9 ali m'sukuluzo. Kuno kwathu kalasi ya tiana nthawi zambiri ndi chipinda chimodzi pa sukulu ya pulaimale, kapena kanyumba kamene mudzi kapena mpingo unamanga ndi njerwa zake, ndipo ana amaweruka dzuwa lisanapendeke. M'chaka cha 2014, mwa ana 100 alionse olowa Giredi 1 m'Zambia, amene anapondako ku sukulu ya mkaka anali ngati 15 okha, ndipo ambiri a iwo anali a m'matauni. Chiwerengerocho chakwera kuyambira pamenepo, koma ana a m'chigwa cha Luangwa ndi a m'midzi yakutali ndi msewu akali kudikira. Kusiyana kwathu ndi anthu a ku Norway kuli apa: iwo anayamba kufunafuna amuna nyumba itamangidwa kale ndi kudzaza, pamene anthu onse anali atazolowera kuona akazi okhaokha m'menemo, ife nyumbayo tikali kuimanga, makalasi atsopano akali kutsegulidwa, ana a makolo ambiri ndiwo oyamba m'banja kulowamo, kotero kuti chimene adzachione makolowo m'zaka zino ndicho chimene adzachiyese mwambo wa sukulu ya mkaka. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo mwambiwu, umene timakonda kuunenera ana, ukhudzanso sukulu imene ili kuphuka kumene.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti sukulu za tiana za boma ndi chinthu chadzulodzulo. Kwa zaka zambiri, kuyambira nthawi ya atsamunda, ntchitoyi inali m'manja mwa makhonsolo, mipingo ndi anthu odzitsegulira okha, ndipo mwana wa mlimi wa nshawa wa kwa Mfumu Mumbi sanali kuidziwa nkomwe. Lamulo la maphunziro la 2011 ndilo linaiwerengera pamodzi ndi maphunziro ena onse. Mu 2013 boma linalemba aphunzitsi 1,000 oyamba a tiana, ndipo chaka chotsatira makalasi anayamba kutsegulidwa pa masukulu a pulaimale. Mu 2022 maphunziro anakhala aulere kuyambira ku sukulu ya mkaka kufikira Giredi 12, ndipo chaka chomwecho boma linalemba aphunzitsi 30,496, ena mwa iwo a makalasi a tiana. Tanthauzo lake ndi lakuti mphunzitsi wa tiana wa boma lero ndi munthu wa ku koleji, wolembetsedwa ku Teaching Council of Zambia, wolandira malipiro ake monga anzake a makalasi apamwamba. Ndipo nchifukwa chake anyamata ena, onga mwana wa mlongo wanga, ayamba kugogoda pakhomo limeneli.

Koma taonani chimene chimachitika akafika. Pa sukulu ina, imene sindiitchula, anatumizako mnyamata amene anaphunzira za tiana zaka zake zonse za ku koleji. Ndipo mwezi usanathe, makolo ena atang'ung'udza, anam'chotsa m'kalasi ya tiana namupatsa Giredi 6, ndipo tianato anatipereka kwa mayi wina amene anaphunzira kuphunzitsa ana aakulu, amenenso sanapemphe ntchitoyo. Motero ana a Giredi 6 analandira mphunzitsi amene luso lake linali la ena, tiana tinataya munthu amene anadziwa kutiphunzitsa ndi nyimbo, dongo ndi timiyala, ndipo m'mabuku a boma munalembedwabe kuti sukuluyo ili ndi mphunzitsi wa tiana. Mnyamatayo sanalakwe kanthu, ndipo panalibe ngakhale mmodzi womneneza. Mlandu wake unali ndevu zake.

Chimene chimandiwawa pa zimenezi nchakuti taiwala mbiri yathu yomwe. Pamene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene anayamba pa Magwero mu 1899, anafika pa Nyanje mu 1905, ndipo pambuyo pake pa Hofmeyr ndi pa Merwe, pamenenso ansembe a Katolika anakhazikika pa Minga, sukulu za m'midzi zimene zinabadwa mwa iwo zinali m'manja mwa aphunzitsi aamuna, amene pa Sabata analinso alaliki ndi akatekisiti. Ife amene tinayamba ndi Sub A tikumbukira. Mphunzitsi wanga woyamba anali bambo wamtali wa mawu aakulu, amene anandigwira chala chamkombaphala nachiyendetsa pamchenga kufikira chilembo choyamba chinaoneka; iye ndiye anali kutizula minga kumapazi, ndipo m'nyengo ya dzinja, kamtsinje ka pakati pa mudzi ndi sukulu kakadzaza, anali kutiolotsa mmodzimmodzi pamapewa ake, makolo athu ali kuthokoza kutsidya. Panalibe munthu m'mudzi monse amene anamuyesa wochepa chifukwa cha ife. Iye ndiye anali kulembera anthu makalata opita ku Wankie ndi ku Salisbury, ndipo pa milandu anali kukhala pafupi ndi mfumu.

Ngakhale kwa azungu kumene kunachokera sukulu zoterezi, ena mwa oyamba ake anali amuna. Ku Scotland, pa New Lanark, pamene Robert Owen anatsegula sukulu ya tiana ta antchito a m'fakitale yake mu 1816, anaipereka kwa James Buchanan, munthu woomba nsalu, chifukwa cha kuleza mtima kwake ndi ana. Ku Germany, Friedrich Froebel ndiye anapatsa sukuluzi dzina la dimba la ana mu 1840, poona kuti mwana ali ngati mbande yofuna wolimira. Ndipo fanizo la dimbali likutiyenera ife kuposa iwo. Pakuti ndani m'midzi yathu amene amalawira mbandakucha kukathirira nazale ya tomato ndi ya repu, kuiphimba ndi udzu dzuwa likakula, ndi kuokera mbande imodziimodzi mosamala kuti muzu usaduke? Ndani amanyamula thole lobadwa usiku ndi kuligoneka pafupi ndi moto? Ndi amuna omwewo amene anaseka pamphala. Manja amene adziwa kugwira mbande ndi thole sangalephere kugwira dzanja la mwana. Ndipo ngati kusamala mbewu ya phwetekere sikuchotsa ulemu wa mwamuna, sindiona chifukwa chake kusamala mbewu ya munthu kungauchotse. Ife Ansenga ndi Achewa, amene mwa mwambo wathu malume ndiye mwini mbumba, woyankha pa ana a mlongo wake kuyambira ali kumsana, tiyenera kukhala otsiriza mwa mitundu yonse kunena kuti mwamuna alibe gawo pa tiana. Ndi m'Malembo momwe timawerenga za Eli amene analandira Samueli atangoleka kuyamwa, za Moredekai amene analera Estere mwana wamasiye, ndi za Ambuye mwini amene anadzudzula ophunzira ake pamene anali kuthamangitsa odza ndi tiana.

Tsopano ndifike pa mantha a mlongo wanga, amene sindiwapeputsa konse, pakuti ndi mantha a mayi aliyense. Kugwirira ana kulipo m'dziko lathu, ndipo ochita zimenezi ambiri ndi amuna. Amene akana ichi ali kunama. Lamulo la Zambia limapereka zaka zosachepera 15 m'ndende kwa wogona mwana, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lalikulu loteteza ana. Pali nambala ya lamya ya 116 imene mwana kapena wamkulu angaimbe kwaulere, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Koma tinene zoona zonse: milandu yambiri yotere imachitika m'nyumba ndi m'midzi, ndipo ochimwira ana kawirikawiri ndi achibale, anansi ndi anthu ozolowereka pakhomo, amene timawabisa poopa kupasula banja. Kuthamangitsa mnyamata wosalakwa m'kalasi ya mazenera otsegula, pamene tili kukhalira chete choipa chochitika kuchipinda, sikuteteza mwana ngakhale mmodzi. Amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mwambi umenewo ngwa nsomba za m'dengu. Anthu amaweruzidwa yense ndi ntchito zake.

Mwana amatetezedwa ndi dongosolo logwira aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe. Ku Norway munthu salembedwa ntchito m'dimba la ana asanaonetse kalata ya ku polisi yotsimikiza kuti sanapezekepo ndi mlandu wochimwira ana, ndipo kalatayo amaifuna kwa onse. Ifenso tingathe kufuna chimodzimodzi, ndi kuwonjezapo zimene sizilira ndalama: chitseko cha kalasi ya tiana chikhale chotsegula nthawi zonse, mphunzitsi asatsale yekha ndi mwana mmodzi anzake ataweruka, amayi a m'mudzi, amene m'masukulu ambiri amasinthana kale pophika phala, azisinthananso poperekeza tiana kuchimbudzi, ndipo kholo lililonse likhale ndi ufulu wolowa ndi kukhala pansi kumvetsera tsiku lililonse limene lifuna. Mphunzitsi woona mtima adzakondwera ndi malamulo otere, chifukwa amteteza iyenso ku mabodza, ndipo amene adzawakane ameneyo ndiye wofunika kumuyang'anitsitsa.

Wina angafunse kuti, popeza amayi akuigwira bwino ntchitoyi, mwamuna tikumfuniranji? Amayiwo ndiwalemekeza ndi mtima wonse, makamaka iwo a m'sukulu za m'midzi amene aphunzitsa zaka ndi zaka popanda malipiro, kulandira chabe meda ya chimanga kapena sopo pamene makolo akumbukira. Ndipo tsiku limene boma lidzayambe kulemba anthu otere, iwo ndiwo ayenera kukhala patsogolo. Koma taganizirani za mnyamata wa m'maboma athu ano. Tonse tidziwa kuti kuno kum'mawa ana aamuna ambiri amachotsedwa pa sukulu, kapena salowako nkomwe, chifukwa cha ubusa. Kamnyamata ka zaka 7 kamaperekedwa kwa mwini ng'ombe, nikakhala kutchire zaka zingapo kuti kadzalandire ng'ombe imodzi, ndipo pobwerako kamachita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi ana aang'ono. Kamwana kotere, kakayang'ana amuna a m'mudzi mwake, kamaona ali ndi ng'ombe, ngolo ndi njinga. Kakayang'ana ku sukulu ya mkaka kamaona amayi okhaokha, ndipo mumtima mwake kamaweruza kuti buku ndi la akazi. Ambirinso mwa ana athu akulira kwa agogo aakazi, atate awo atamwalira kapena atapita ku Lusaka ndi ku migodi, kotero kuti sanaonepo mwamuna wogwada kuti amange chingwe cha nsapato ya mwana, kapena wolangiza popanda chikwapu. Mwana wamkazi nayenso afunika kudziwa, akali wamng'ono, kuti kuli amuna amene mawu awo saopsa, kuti tsiku lina adzathe kusiyanitsa mwamuna wabwino ndi wankhanza.

Mwana wa mlongo wanga ndinamlola, ndipo tinagulitsa matumba a nshawa kuti apite. Amake anamperekeza ku basi ali ndi nkhawa yawo, koma anamdalitsa. Akadzatsiriza adzatumizidwa kumene boma lidzafune, kapena kwa Mfumu Nyalugwe, kapena kwa Mfumu Mwanjawanthu, kapena ku chigawo china kumene kulibe womdziwa, ndipo adzafika m'mudzi mwa eni ali ndi chikwama chimodzi, monga afikira ana a anzathu m'midzi yathu ino.

Chifukwa chake ndikupemphani, inu mafumu ndi nyakwawa, kuti mnyamata wotere akadza m'dziko lanu mumlandire pabwalo poyera ndi kumuonetsa kwa anthu, pakuti amene mfumu yamgwira dzanja mudzi sumunyoza. Inu aphunzitsi aakulu, amene chaka ndi chaka mumadzaza mapepala a kalembera wa sukulu osonyeza aphunzitsi aamuna ndi aakazi, muwerengere makolo chiwerengerocho pa msonkhano wa PTA, ndipo munthu amene anaphunzira za tiana mumsiye m'kalasi ya tiana. Inu amayi amene mtima uli m'mwamba, musamve za m'maluwa; pitani nokha m'mawa, mukakhale pamphasa kumbuyo kwa kalasi, mukaone ndi maso anu m'mene aphunzitsira. Ndipo inu amuna anzanga a pamphala, sukulu zikadzatsegulidwa teremu ikudzayi, tsiku loyamba mwana wanu wamng'ono mumperekeze ndinu, mukamdziwe mphunzitsi wake ndi kumpatsa moni.